Zotsatira za MSCE m'sukulu za boma ku Mulanje ndi ku Thyolo: mafunso amene makolo mumandifunsa

Ine ndine mphunzitsi wa masamu, ndagwira choko zaka zambiri pa CDSS (sekondale yoyendera ya m'dera) ina ya kumudzi kuno ku Mulanje, koma achibale anga ambiri ali ku Thyolo cha ku Makwasa. Chaka chilichonse a MANEB, bungwe la mayeso, akangotulutsa zotsatira za MSCE, mayeso a fomu 4, foni yanga sipuma. Wina watumiza mndandanda wa masukulu pa WhatsApp, wina akufunsa kuti aphunzitsi bwanji sukulu yanu ija ili kumunsi, amalume ena akufuna kusamutsa mwana wa mlongo wawo sabata yomweyo. Mafunso ake amakhala omwewomwewo ndiye ndaona kuti bola ndiwayankhe pamodzi pano, mmene ndimayankhulira ndi makolo pa msonkhano wa PTA, bungwe la makolo ndi aphunzitsi.

Kodi sukulu za boma si zofanana zonse? Nanga bwanji zotsatira zimasiyana chonchi?

Sizofanana ayi, ndipo kusiyanaku kumayamba mwana asanavale ndi yunifolomu yomwe. Mwana akalemba mayeso a sitandade 8, a PSLCE aja, boma limasankha potengera mmene wakhozera. Amene akhoza kwambiri amapita ku sukulu za nashonolo, monga Blantyre Secondary, Dedza, Lilongwe Girls, Mzuzu Government, komanso sukulu zina za mishoni zimene boma limathandiza, ngati Providence ya atsikana ija ili pa Chisitu. Otsatira amapita ku sukulu zogonera komweko za m'boma lawo, enanso ku masekondale oyendera, ndipo otsalawo ndi amene amabwera kwa ife ku CDSS yapafupi ndi kwawo. Ena ambiri ngakhale akhoza sasankhidwa n'komwe chifukwa malo ndi ochepa.

Ndiye taganizani. Mwasefa ufa, wosalala mwaika mu lichero ili, misere mwaika mu linalo, kenako mukufunsa kuti bwanji nsima yake yasiyana. Sindikunena kuti ana a ku CDSS ndi misere ayi, ambiri ndi anzeru kwabasi kungoti anachokera ku pulayimale kumene kalasi imodzi munali ana osawerengeka mphunzitsi mmodzi, koma zoona zake ndi zoti mpikisano wa fomu 4 ena amauyamba ali kale patsogolo.

Ndiye mndandanda wa maperesenti uja ndi wabodza?

Ngati unatengedwadi pa zotsatira za MANEB, wabodza ayi. Manambalawo ndi oona. Vuto ndi funso limene inu mukufuna kuti akuyankheni. Mndandanda umakuuzani kuti mwa ana amene analemba pa sukulu yakuti, angati apeza satifiketi, basi. Sumakuuzani kuti anawo analowa fomu 1 ali otani, angati anasiyira panjira, kapena kuti okhozawo akhoza ndi mapointi angati. Sukulu yogonera ikakhozetsa pafupifupi onse, mbali ina ndi ntchito ya aphunzitsi inde, sitingawalande ulemu umenewo, koma mbali yaikulu ndi selekishoni, chakudya katatu patsiku, magetsi ndi maola a prep madzulo aliwonse.

Kukhoza MSCE kumatanthauza chani kwenikweni? Mwana wanga akuti wakhoza koma akuti ku koleji sangapite

Apa ndi pamene makolo ambiri amasokonezeka ndipo si vuto lanu, palibe amene amakhala pansi kukufotokozerani. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 ndiye kulephera. Kuti mwana apatsidwe satifiketi ayenera kukhoza maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi ndipo limodzi mwa iwo likhale kirediti, kapena akhoze maphunziro 5 kuphatikizapo Chingerezi koma makirediti akhale atatu. Chingerezi chikagwa, ngakhale masamu atapeza 1, satifiketi palibe.

Mapointi aja mumamva, akuti uje wapeza 14, uje 32, amawerengera maphunziro 6 amene mwana wachita bwino kwambiri, nambala ikachepa ndiye kuti zili bwino, ndipo 6 pointi ndiye mapeto. Tsono ku yunivesite ya boma amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi kuti mwana angoyamba kuganiziridwa, ndiye pamwamba pake pali mpikisano wa kosi imene akufuna. Mwana amene ali ndi kirediti imodzi ndi mapasi asanu wakhozadi, pa mndandanda wa sukulu amawerengedwa chimodzimodzi ndi wa 10 pointi, koma zitseko zimene zingamutsegukire ndi zosiyana kutalitali.

Tandipatsani chitsanzo, sukulu ziwiri ndingazifananize bwanji?

Tiyerekeze chabe, manambala awa ndi ongophunzitsira. Sukulu yoyamba ana 40 alemba, 32 akhoza, ndiye kuti 80 peresenti. Sukulu yachiwiri ana 100 alemba, 60 akhoza, 60 peresenti. Aliyense athamangira yoyamba ija eti? Koma mukafunsa mupeza kuti yoyambayo inalandira ana 100 mu fomu 1 ndipo 60 anathera panjira, pamene yachiwiri inalandira 110 n'kufikitsa 100 ku mayeso. Pa ana amene makolo anawapereka, yoyamba yatulutsa masatifiketi 32, yachiwiri 60. Mwana wanu akakhala wapakatikati, kapena wa pakhomo posowa, ndi sukulu iti imene ingamusunge mpaka kumapeto?

Komanso pa sukulu yaing'ono peresenti imalumpha ngati chiwala. Pakakhala ana 25 okha, mwana mmodzi ndi 4 peresenti. Atatu akadwala malungo sabata ya mayeso, sukulu yagwa ndi 12 peresenti pamene aphunzitsi ake ndi omwewo, kaphunzitsidwe komweko.

Kodi ma CDSS anabwera bwanji, bwanji ambiri amaoneka osauka?

Akuluakulu mukukumbuka ma MCDE, ena ankati ma DEC, kumene ana osasankhidwa ankakaphunzira ndi timabuku ta maphunziro a patali. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale ana anakhamukira ku sukulu, ndipo zinaonekeratu kuti masekondale amene analipo sangakwane. Mu 1998 ma DEC aja anasandutsidwa ma CDSS. Dzina linasintha koma nyumba zinali zomwezo, zambiri zomangidwa ndi anthu a m'mudzi ndi njerwa zoumba okha, ndipo aphunzitsi ambiri anangotengedwa ku pulayimale. Kuchokera nthawi imeneyo zinthu zasinthako, aphunzitsi a dipuloma ndi digiri ochokera ku makoleji monga ku Domasi, ku Nalikule, ku Chancellor ndi ku Mzuni akufika ndithu, ma CDSS ena anamangidwa bwino mpaka labu ndi laibulale, koma ena akadali midadada iwiri ndi ofesi ya ahedi imene ndi sitolo ya mabuku yomweyo. Ndiye ngakhale pakati pa ma CDSS okhaokha pali kusiyana kwakukulu, ya pa tauni ngati pa Luchenza, pa Bvumbwe kapena pa Chitakale singafanane ndi ya kuseri kwa phiri kumene mphunzitsi akatumizidwa amayamba kulemba kalata ya transifa asanamasule ndi katundu yemwe.

Chabwino, ndiye kufananiza kwachilungamo ndi kotani? Ndifunse chani?

Choyamba fananizani zofanana. CDSS ndi CDSS inzake, yogonera ndi yogonera inzake. Kuika CDSS ya ku Thekerani pa sikelo imodzi ndi sukulu ya nashonolo ndi kulakwira onse awiri.

Kenako pitani pa sukulupo nokha, musatume mwana. Ahedi ambiri amamata zotsatira pa bolodi kapena mu ofesi, ndipo kholo lili ndi ufulu wofunsa. Funsani kuti kalasi imene yalembayi inalowa fomu 1 ndi ana angati, anyamata angati atsikana angati, ndipo afika ku mayeso angati. Funsani kuti mwa okhozawo angati ali ndi makirediti 6. Funsani za Chingerezi ndi masamu padera, chifukwa maphunziro awiriwa ndi amene amaonetsa ngati pa sukulu pakuphunzitsidwa kapena ana akungoloweza manotsi. Muone zaka zitatu kapena zisanu zotsatizana osati chaka chimodzi. Ndipo funsani kuti aphunzitsi alipo angati, ndani amaphunzitsa fizikisi ndi kemisitile, anaphunzira zimenezo kapena angomupatsa poti palibe wina.

Koma chimene ine ndimakhulupirira kwambiri sichili pa pepala. Pitani Lachitatu kapena Lachinayi cha m'ma 10 koloko osanena kuti mukubwera, muime kaye panja. Mukamva mawu a aphunzitsi m'makalasi onse, ana ali mkati, ndiye kuti pali moyo. Mukapeza ana ali mbwee panja, ena ali pa mtengo wa mapeyala, aphunzitsi ali mu sitafu rumu, mwaona kale zotsatira za chaka chamawa. Mukafika kunyumba tsegulani kope la mwana wa neba amene amaphunzira pamenepo, muone kuti cholembera chofiira chinadutsamo liti komaliza. Kope la masamu limene latha mwezi osachongedwa limanena zambiri kuposa mndandanda wa pa WhatsApp.

Ndinamva kuti sukulu zina zimabisa ana ofooka kuti peresenti ikwere, ndi zoona?

Zimachitika, ndipo ndinaziona ndi maso anga pa sukulu ina imene sinditchula. Mayeso a moko atatuluka, ana amene sanachite bwino anayamba kuuzidwa mwakachetechete kuti bola ubwereze fomu 3, kapena ukalembe ngati ekisiteno, dzina lako lisakhale pa gulu la sukulu. Mnyamata wina amene ndinkamudziwa, wamasiye, ankakhala ndi anganga ake, atauzidwa zobwereza anangoti ndalama ya chaka china ndiitenga kuti, basi anapita ku Joni ndi msuweni wake. Chaka chimenecho sukulu inayamikiridwa kuti yakwera. Ine mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mwana uja mwina akanapeza ka satifiketi kake ka mapasi, kamene kakanamuthandiza. Ndi chifukwa chake ndimaumirira kuti muzifunsa nambala ya amene analowa fomu 1.

Sukulu yathu chaka chatha inachita bwino, chaka chino yagwa. Ahedi achoke?

Dekhani kaye. Chaka chimodzi sichiweruza munthu. Kumbukirani 2020, sukulu zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid, ana anakhala pakhomo miyezi yambiri, atabwerera n'kuyamba mayeso mapepala anabedwa, mayeso anaimitsidwa mu Novembala n'kudzalembedwanso mu Januwale 2021. Dziko lonse okhoza anali pafupifupi 41 pa 100 alionse. Ana a m'tauni ena ankaphunzira pa foni ndi pa wailesi, athu kuno ambiri anali kumunda ndi ku maganyu, atsikana ena sanabwererenso.

Ndiye Malichi 2023 namondwe Freddy, ife a ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu sitifunika kuuzidwa. Sukulu zinatsekedwa, makalasi ena anasanduka makampu a anthu amene nyumba zawo zinagwa, milatho inakokoloka, ana ena anataya makope onse a fomu 1 mpaka fomu 4 usiku umodzi, ena anataya makolo. Ana amenewo analemba pepala lomwelo, tsiku lomwelo, ndi mwana wa ku Lilongwe amene madzi sanamukhudze. Munthu amene akufananiza zotsatira za chaka chimenecho osatchula Freddy sakunena chilungamo.

Koma ikagwa zaka zitatu zotsatizana pamene masukulu oyandikana nawo a mu kilasita yomweyo akukwera, pamenepo ndiye komiti ndi PTA muli ndi chifukwa chokhalira pansi ndi ahedi, ndipo musaope.

Mumakonda kunena za mtunda ndi mvula, kodi si zifukwa chabe za aphunzitsi aulesi?

Aphunzitsi aulesi alipo, sindiwaikira kumbuyo. Koma bwerani mu Febuluwale mudzaone. Piriyodi yoyamba imayamba 7:30, ine ndalowa ndi choko, mkalasi muli ana theka. Enawo amafika cha m'ma 9, malaya anyowa, matope mpaka m'mawondo, nsapato zili m'manja, makope awakulunga mu jumbo ya shuga n'kuwabisa m'mimba. Mtsinje ukadzaza, kaya ndi Ruo, Lichenya, Thuchila kapena timitsinje tating'ono timene timatsika m'phiri mwadzidzidzi, a kutsidya sabwera n'komwe ndipo ine sindingawakalipire, bola ajombe kusiyana ndi kukokoloka. Masamu ndi Chingerezi nthawi zambiri timaziika m'mawa poti mitu ili bwino, ndiye mwana wakutali amaphonya maphunziro omwe aja ofunika kwambiri. Mu Juni ndi Julayi kukabwera chiperoni, kuzizira kuja ndi kamvula kosatha, kalasi yopanda magalasi m'mawindo mwana wosadya m'mawa amangonjenjemera, ndipo imeneyo ndi nyengo ya mayeso.

Palinso tiyi. Nyengo ya mvula ndi imene masamba amaphuka kwambiri, m'maesiteti ndi m'minda ya alimi ang'onoang'ono ntchito imachuluka, amayi ndi abambo amalawirira kukathyola, ndiye mtsikana wa fomu 3 ndi amene amatsala ndi ana, kutunga madzi, kuphika. Ndi nyengo yomweyonso ya njala pamene chimanga chatha m'nyumba, minda yathu kuno mukuidziwa kuchepa kwake. Masiku a msika pa Limbuli, pa Nkando kapena pa Bvumbwe anyamata ena amasowa mkalasi, ali pa kabaza kapena akusenza katundu wa ku Milange. Mwana wa ku boding'i zonsezi sizimukhudza, belu likalira ali mkalasi, wadya phala.

Bwanji atsikana amatsalira m'masukulu oyendera pamene ku sukulu za atsikana zogonera amakhoza bwino?

Funso limeneli lili ndi yankho mkati mwake momwemo. Mutu wa mtsikana ulibe vuto, vuto ndi kumene akugona ndi zimene akuchita akaweruka. Ambiri akutali amachita selufu, kubwereka kachipinda pafupi ndi sukulu. Ndinapitako kwa ana anga ena a fomu 4 mmodzi atadwala. Kachipinda kamodzi kuseri kwa gologosale, atsikana anayi, mphasa ziwiri, chitseko chotseka ndi msomali wopinda, mbaula pakona, kathumba ka ufa katsala pang'ono, ndiwo ndi masamba a chinangwa opempha. Kuwerenga ndi tochi ya foni imodzi, ikatha moto basi agona. Panja pomwepo pali vidiyo sho ndi malo a mowa. Ufa ukatha pakati pa mwezi ndipo kunyumba sanatumize kanthu, bambo wina wa njinga yamoto akati ndikugulire sopo ndi kanyenya, mukuganiza kuti mwana wa zaka 16 alimba masiku angati?

Ndiye mukamafananiza masukulu funsani ngati pali hositelo ya atsikana, ngati pali zimbudzi zabwino ndi madzi ndi chipinda chosinthira akakhala kumwezi, ngati gulu la amayi la pa sukulu likugwira ntchito, ndipo ngati pali aphunzitsi aakazi okhala pompo. Komanso dziwani kuti lamulo la boma limalola mtsikana amene anatenga mimba kubwerera ku sukulu akabereka. Sukulu imene imawalandira bwino ana oterewa mwina peresenti yake itsikako pang'ono, koma kwa ine imeneyo ndi sukulu yabwino.

Sayansi nanga? Mwana wanga akufuna unamwino

Apa ndiye musachite manyazi, funsani kuti labu ilipo, ndipo muione. Bayoloje, fizikisi, kemisitile ndi agirikacha zili ndi pepala la pulakitiko. Pali ana amene amagwira maikulosikopu kapena byureti koyamba sabata ya mayeso, zipangizo zobwereka ku sukulu ina, manja ali njenjenje. Ma CDSS ena saphunzitsa n'komwe fizikisi ndi kemisitile kwa ana onse poti mphunzitsi palibe. Mwana atha kupeza mapointi abwino ndi Chichewa, Baibulo, jogalafe ndi sosho, koma akafuna ku sukulu za unamwino monga ku Mulanje Mission, ku Malamulo kapena ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS adzamufunsa makirediti a sayansi. Izi muzidziwe mwana ali fomu 2, pamene akusankha maphunziro, osati zotsatira zitatuluka.

Mwana wanga wasankhidwa ku CDSS, abwereze sitandade 8 kuti mwina apite ku boding'i?

Ine ndimati ayi, makamaka akakhala mtsikana kapena wamkulu kale. Palibe chitsimikizo choti chaka chamawa asankhidwa kwabwino, ndipo chaka chimene chatayikacho sichibwerera. Ndaona ana obwereza kawiri katatu mpaka kutopa n'kukwatiwa. Apite, ayambe. Ndalama imene mukanaononga muike pa nyali ya sola, dikishonale, mabuku a masamu ndi Chingerezi, ndi njinga ngati mungathe. Ndipo mumupatse nthawi, akaweruka asapeze mtolo wa ntchito ukumudikira tsiku ndi tsiku.

Nanga ku open kapena ku pulaiveti?

Open ndi ya ana amene sanasankhidwe kapena akubwereza, amaphunzira masana pa sukulu ya boma yomweyo ena akaweruka, ndipo amalipira. Aphunzitsi ndi omwewo koma atopa kale, maola ndi ochepa, kalasi imadzaza. Imathandiza mwana wodzikoka yekha. Pofunsa zotsatira muonetsetse kuti akupatsani za ana osankhidwa padera ndi za open padera, zikasakanizidwa chithunzi chimasokonekera. Za pulaiveti zilipo zabwino, ziliponso zongotolera ndalama m'mashopu akale, muyambe mwafunsa ngati inalembetsedwa ku unduna ndiponso kuti ana ake amalembera mayeso pati.

JCE ili ndi ntchito pofananiza masukulu?

Ili nayo. Mayeso a fomu 2 amenewa anathetsedwa, omaliza analembedwa mu 2016, kenako anabwereranso mu 2021. Pa zaka zimene kunalibe, mwana ankayenda kuchokera fomu 1 mpaka fomu 4 osakumana ndi mayeso a MANEB, ena ankadzidzimuka kumapeto. Ambiri amakhoza JCE ndiye peresenti yake isakunamizeni, koma muone kusiyana kwake. Sukulu imene pa JCE ili bwino koma pa MSCE imagwa chaka ndi chaka, ndiye kuti vuto lili ku fomu 3 ndi 4, kaya aphunzitsi a makalasi apamwamba akusowa, kaya silabasi simatha. Limenelo ndi funso labwino kufunsa pa msonkhano.

Pakati pa Mulanje ndi Thyolo ndi kuti kumene kuli masukulu abwino? Kapena ndingomutumiza kwa azakhali ake ku Blantyre?

Maboma awiriwa ali pansi pa ofesi imodzi ya maphunziro, ya Shire Highlands, pamodzi ndi Phalombe ndi Chiradzulu, ndipo mavuto athu ndi ofanana, tiyi, kuchepa kwa malo, mapiri, misewu ya matope. Kusiyana kwenikweni sikuli pakati pa Mulanje ndi Thyolo koma pakati pa sukulu ya m'mbali mwa tala ndi ya kutali ndi tala. Mphunzitsi naye ndi munthu, amafuna nyumba ya magetsi, netiweki, chipatala pafupi, ndiye masukulu a pamsewu wa Limbe kupita ku Muloza amakhala ndi aphunzitsi okwanira pamene a kumapiri atatu kapena anayi akusenza maphunziro onse.

Za ku Blantyre ganizani kawiri. Ndaona ana amene anapita kwa achibale n'kusanduka antchito a m'nyumba, kusukulu kumangokhala kongopita dzina. Ngati azakhaliwo mukuwadziwa mtima, chabwino. Koma tauni payokha siphunzitsa mwana.

Kodi mwana wa pa CDSS angapitedi ku yunivesite?

Angapite, ndipo amapita, ngakhale kuti ndi ochepa poyerekeza ndi a ku masukulu ogonera. Kusankha kumayendetsedwa ndi a NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, mwana amafunsira yekha makosi ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST, imene ili kwathu konkuno ku Ndata ku Thyolo ndipo inatsegulidwa mu 2014. Kota ija yosankha potengera boma lochokera inathetsedwa mu 2020. Chimene chimandipweteka ndi choti ana ena amakhoza bwino koma osafunsira, poti palibe anawauza kuti mafomu atuluka, kapena amasankha makosi onse a mpikisano woopsa n'kugwa ponseponse. Sukulu yabwino imawaitana ana ake zotsatira zikatuluka n'kukhala nawo pansi kudzaza mafomu. Funsani ngati pa sukulu yanu zimenezi zimachitika.

Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa ankayenda maola awiri kuchokera kutsinde kwa phiri, mayi ake ankagulitsa zinanazi pamsewu. Anapanga gulu ndi anzake anayi, Loweruka lililonse ankakumana mkalasi ndi mapepala a mayeso akale, akakanika ankabwera kunyumba kwanga kundipeza ndili kudimba, ndinkawawerengera samu pansi ndi kamtengo. Pa asanuwo awiri anapita ku yunivesite, mmodzi ku TTC, koleji ya uphunzitsi. Chaka chimenecho sukulu yathu pa mndandanda inali kumunsi ndithu, palibe anaitchula pa wailesi.

Ndipo yunivesite si njira yokhayo. Kuli ma TTC a uphunzitsi ngati ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi ku Amalika, kuli masukulu a ntchito zamanja kudzera ku TEVETA ngati Soche ndi Nasawa. Pofananiza masukulu muwerengenso ana amene analowera kumeneko.

Tangonenani aphunzitsi, sukulu nambala wani kuno ndi iti?

Dzina sindikupatsani, chifukwa ndikatchula lero mawa ahedi abwino aja asamutsidwa, mphunzitsi wa Chingerezi wapita kukapitiriza maphunziro, zinthu zasintha, inu n'kumandiloza chala. Ndiponso yabwino kwa mwana wa neba si yabwino kwa wanu. Mwana wamphamvu pa sayansi akufunika kumene kuli labu ngakhale kutalikeko. Mtsikana wa zaka 13 bola CDSS imene angayendere kuchokera pakhomo panu kusiyana ndi ya mbiri imene akachite selufu.

Zotsatira zenizeni za sukulu ndingazipeze kuti, osati za pa WhatsApp?

Pa sukulu pomwepo. A MANEB amatumiza zotsatira za mwana aliyense, phunziro ndi phunziro, ndipo ahedi amakhala nazo. Ma ofesi a maphunziro pa boma, ku Mulanje ndi ku Thyolo, komanso ofesi ya divishoni imene ili ku Mulanje, amasunga za masukulu onse. Mindandanda ya pa foni ija ina imakhala ya chaka china angosintha mutu, ina wina wangotayipa yekha, ndiye musasamutse mwana chifukwa cha chithunzi chimene simukudziwa kumene chachokera.

Ngati muli mu komiti kapena PTA, pemphani kuti pa msonkhano woyamba zotsatira zikatuluka ahedi alembe pa bolodi manambala awa a zaka zitatu, olowa fomu 1, olemba mayeso, okhoza, a makirediti 6, anyamata padera atsikana padera. Ife tinayamba kuchita zimenezi ndipo tsiku loyamba mayi wina amene sanapite patali ndi sukulu anaimirira n'kufunsa kuti aphunzitsi, atsikana 20 awa asowa pakati pa fomu 2 ndi fomu 3 apita kuti? Tinayamba kuwatchula mayina mmodzimmodzi, makolo eni ake akuyankha, uyu ali pabanja kwa Mabuka, uyu ali ku Limbe akugwira ntchito ya m'nyumba, uyu ali pakhomo ndi mwana. Msonkhano umene unayenera kutha 11 koloko unatha 2 koloko, ndipo mwezi wotsatira amfumu anaitanitsa anthu kuyamba kuumba njerwa za hositelo.